Mphatso ya Gogo wa Zaka 100

Gogo akakwanitsa zaka 100, adzukulu ndiwo amabwera ndi mphatso. Koma mu 2007, ku America, mayi Kathryn Wasserman Davis ndiwo adapatsa ena. Adatulutsa madola 1 miliyoni n'kuwagawa magawo 100, lililonse madola 10,000, kuti apite kwa ophunzira a m'mayunivesite omwe ali ndi ganizo lodzetsa mtendere. Umu ndi mmene pulogalamu ya Projects for Peace idabadwira.

Mayiwa adaona nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse. Mu 1929 adayenda pa hatchi m'mapiri a Caucasus, ndipo mu 1934 adatenga digiri ya PhD ku Geneva, komwe kudali likulu la bungwe la League of Nations. Ngakhale adali odziwa chotero, sadauze ophunzirawo kuti mtendere ndi chiyani. Funsolo adawasiyira.

Ndiye wophunzira amayamba ndi kufufuza. Kodi mkangano wa pamudzi apa gwero lake n'chiyani: malire a munda, kusowa kwa madzi, kapena achinyamata ongokhala? Akapeza, amalemba ganizo lake mwachidule pamodzi ndi bajeti, yunivesite yake n'kusankha lomwe lili ndi mutu. Likavomerezedwa, iye ndiye mtsogoleri. Kugula zipangizo, kukagogoda kwa akuluakulu a deralo, kusunga malisiti, zonse zili pamutu pake. Ntchito imagwiridwa pa tchuthi chachikulu cha pakati pa chaka, kenako amalemba lipoti.

Apa tisabise mawu. Miyezi iwiri kapena itatu ndi yochepa. Mjigo utha kukumbidwa, zithunzi n'kujambulidwa, koma tsiku lomwe udzawonongeke, wophunzira uja adzakhala ali m'kalasi kutsidya kwa nyanja. Ntchito yokhalitsa ndi yomwe eni mudzi adakhala nawo pokonza, osati yomwe adangoitanidwa kudzavina potsegulira. Ndipo nthawi zina wopindula kwambiri ndi wophunzirayo, poti amabwerako atadziwa kuti digiri siyitanitsa msonkhano; woitanitsa ndi mfumu.

Nkhaniyi ikutikhudza. Makoleji ambiri omwe amatenga nawo mbali ndi omwe amalandira ophunzira a sukulu za United World Colleges pa thandizo la mwana wa mayi Davis, bambo Shelby Davis. Imodzi mwa sukuluzo ndi Waterford Kamhlaba ku Eswatini, komwe kumaphunziranso achinyamata ochokera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Wophunzira amaloledwa kukagwirira ntchitoyi kwawo.

Mayi Davis adamwalira mu 2013 ali ndi zaka 106, koma pulogalamuyi ikupitirira, ndipo likulu lake lili ku Middlebury College, ku Vermont.

Tsono inu mafumu ndi makomiti a chitukuko, mwana wotere akafika m'mudzi mwanu ndi kope m'manja, mulandireni bwino. Koma asanayambe, mufunseni kuti iye akadzapita, ntchitoyo idzatsala m'manja mwa yani.