Nsomba idadyedwa kale, mbiri yake ikuvutabe asodzi

Msodzi aliyense ali ndi nkhani ya nsomba yaikulu yomwe idamupulumuka. Akamaifotokoza padoko madzulo manja amatambasuka, ndipo nsombayo imanka ikula nthawi iliyonse nkhani ikabwerezedwa. Omvera amangoseka poti palibe chomwe ataye.

Koma ku America nkhani zotere si zoseketsa. Kumeneko kuli nsomba ya m'madzi opanda mchere yotchedwa largemouth bass, yakukamwa kwakukulu ndipo imadya nsomba zinzake, yomwe anthu miyandamiyanda amawedza ngati masewera. Wogwira yaikulu kuposa zonse amatchuka, ndipo makampani opanga mbedza ndi mabwato amamulondola ndi ndalama. N'chifukwa chake akatswiri a zansomba akhala zaka zambiri akulimbana ndi mafunso awiri: kodi nsomba imeneyi ingaleredwe bwanji kuti ikule modabwitsa, nanga anthu angadziwe bwanji kuti msodzi akunena zoona?

Nkhani yonse imayambira pa 2 June 1932 m'chigawo cha Georgia. Tsikulo George Perry, mlimi wa zaka 20, sadathe kulima chifukwa munda udanyowa ndi mvula. Inali nthawi ya mavuto aakulu azachuma ku America, ndipo mnyamatayo adapita ndi mnzake kukawedza pa Montgomery Lake, thamanda lomwe lidatsalira pomwe mtsinje wa Ocmulgee udasintha njira. Cholinga chinali ndiwo basi.

Nsomba yomwe adakola idali yotalika masentimita 82. Atapita nayo m'tauni ya Helena, adauzidwa za mpikisano wa magazini ya Field & Stream, ndipo adakaiyeza pa sikelo ya ku positi ofesi. Idalemera mapaundi 22 ndi maaunsi 4, omwe ndi makilogalamu 10.09. Perry adapambana katundu wa madola 75. Nsombayo adapita nayo kwawo, banja lidaikazinga n'kuidya.

Papita zaka zoposa 90 tsopano, koma palibe msodzi amene wavomerezedwa kuti waposa mulingo umenewu. Okayikira ngambiri, chifukwa umboni waukulu udathera m'mbale. Komabe mbiriyo idakali m'mabuku a bungwe la International Game Fish Association, IGFA mwachidule, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1939 ndipo lidalandira mabuku a nsomba za m'mitsinje ndi m'nyanja za kumtunda kuchokera ku magazini ija mu 1978.

Sikelo ndiye mboni

Masiku ano mawu a msodzi paokha sakwanira. Malinga ndi malamulo a IGFA, nsomba iyenera kuyezedwa pa sikelo yomwe akatswiri adaitsimikiza kuti njolondola, ndipo kuyezako kuchitikire pamtunda osati m'bwato lomwe likugwedezeka ndi mafunde. Payenera kukhala mboni. Msodzi amatumiza zithunzi za nsombayo, za iye mwini, za sikelo ndi za ndodo yowedzera, pamodzi ndi gawo la chingwe chomwe adagwiritsa ntchito. Ngati munthu wina adagwirako ndodo nthawi yomwe amalimbana ndi nsombayo, mbiri yagwa.

Palinso lamulo lina lomwe lidakhumudwitsa munthu wina ku Japan. Pa 2 July 2009, Manabu Kurita adakola bass pa nyanja ya Biwa, yomwe ndi yaikulu kuposa zonse m'dzikolo. Nyambo yake idali kansomba kamoyo. Sikelo idaonetsa makilogalamu 10.12, kuposa ya Perry ndi magalamu pafupifupi 30.

Koma lamulo la IGFA limati pa nsomba zosafika mapaundi 25, yatsopano iyenera kuposa yakale ndi maaunsi awiri, omwe ndi magalamu pafupifupi 57. Kurita sadafike pamenepo. Padabukanso mphekesera zoti adawedzera pamalo oletsedwa. Bungweli lidafufuza kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo Kurita adavomera kufunsidwa mafunso atamulumikiza ku makina oyezera ngati munthu akunama. Adapezeka kuti alibe mlandu, ndipo mu January 2010 bungweli lidalengeza kuti iye ndi Perry afanana mphamvu. Mayina awiriwa ali pamzere umodzi mpaka lero.

Nsomba yomwe idaposadi onsewa idagwidwa zaka zitatu Kurita asadakole yake, koma siidalowe m'buku. Pa damu laling'ono la Dixon ku California padali bass yaikazi yomwe asodzi adaitcha Dottie chifukwa cha kadontho kakuda m'munsi mwa tsaya. Mu 2003 Jed Dickerson adaigwira ikulemera makilogalamu 9.8 ndipo adaibwezera m'madzi. Pa 20 March 2006 mnzake, Mac Weakley, adaigwiranso, ndipo sikelo yam'manja idaonetsa mapaundi 25, makilogalamu oposa 11.

Vuto lidali loti mbedza siidakole kukamwa koma m'mbali mwa thupi, anthu ena akuona. Malamulo a ku California salola kusunga nsomba yokodwa chotero. Weakley adaijambula, adaibwezera m'madzi, ndipo adasankha kusakapempha kuti alembedwe m'buku la mbiri. Dottie adapezeka atafa akuyandama pa damulo mu May 2008. Adamuzindikira ndi kadontho kaja.

Kukhwimitsa malamulo chotere kuli ndi chifukwa chake. Pomwe pali ndalama, akathyali sasowa. Mu 2022 pa mpikisano wa nsomba za mtundu wina zotchedwa walleye pa nyanja ya Erie, mkulu wa mpikisano adadabwa kuti nsomba za asodzi awiri zimalemera kuposa maonekedwe ake. Atazitumbula adapeza mipira ya mtovu ndi minofu ya nsomba zina m'mimba. Awiriwo adavomera mlandu kukhoti, adagamulidwa kukhala m'ndende masiku 10 ndipo bwato lawo lidalandidwa.

Kulera chimphona

Kutsimikiza nsomba n'kumapeto chabe. Ntchito yaikulu njoilera. Bass zomwe zimafika msinkhu wotere n'zazikazi, chifukwa zazimuna sizikula kwambiri. Ntchito ya yaimuna n'kukonza chisa pansi pamadzi osaya ndi kulondera mazira ndi ana. Yaikazi imafuna zaka pafupifupi khumi kuti ikhale chimphona, ndipo imalemera kwambiri ikadzaza mazira. Apa ndiye pagona nkhani: nsomba yomwe msodzi aliyense akuifuna ndiyonso mayi wa mbewu yabwino.

Akatswiri amayang'ana zinthu zingapo. Choyamba ndi mtundu. Bass za ku Florida zimakula kuposa za kumpoto kwa America, choncho zidatengedwa n'kukaikidwa m'madamu a ku California ndi ku Texas. Chachiwiri ndi chakudya. M'madamu ena a ku California amathiramo nsomba za trout kuti anthu aziwedza, koma bass zimadyako n'kunenepa msanga. Chachitatu ndi malo obisala. Pomanga damu la Lake Fork ku Texas, lomwe lidatsekedwa mu 1980, mitengo yambiri idasiyidwa chiimire m'madzi, ndipo nsomba zidapeza pokhala.

Chachinayi ndi lamulo la msinkhu. Pa Lake Fork, bass iliyonse yotalika pakati pa mainchesi 16 ndi 24, kapena kuti masentimita 41 mpaka 61, iyenera kubwezeredwa m'madzi. Zing'onozing'ono msodzi akhoza kutengako, chifukwa zikachuluka zimalimbirana chakudya ndipo zonse zimapinimbira. Zapakatizi ndizo zimatetezedwa kuti zidzafike pa uchimphona.

Koma nzeru yomwe idatchuka kwambiri ndi ya nthambi yoona za nyama ndi nsomba ya Texas Parks and Wildlife Department. Mu 1986 nthambiyi idayambitsa ndondomeko yomwe lero imatchedwa ShareLunker. Msodzi akagwira bass yolemera mapaundi 13, omwe ndi makilogalamu 5.9, kapena kuposa apo, amapemphedwa kuti asaiphe koma aibwereke ku boma ili yamoyo kuti ikaswe ana.

Woyamba kuchita izi adali Mark Stevenson, yemwe pa 26 November 1986 adagwira bass ya makilogalamu 8 pa Lake Fork. Nsombayo idapatsidwa dzina loti Ethel. Idakhala nthawi yaitali ikukana kudya, ndipo ogwira ntchito adavutika nayo mpaka idachira. Kenaka idakaikidwa m'thanki yagalasi m'sitolo ya Bass Pro Shops ku Springfield, Missouri, komwe anthu ankabwera kudzaiona mpaka idafa mu 1994. Pa damu lomwelo, mu January 1992, Barry St. Clair adagwira ya makilogalamu 8.25, yomwe idakhala mbiri ya chigawo cha Texas.

Lero nsomba zotere zimalandiridwa kuyambira January mpaka March, nyengo yomwe zimaswana. Msodzi amaimba foni, nsomba imayezedwa pa sikelo yovomerezeka, ndipo ogwira ntchito amabwera ndi galimoto yathanki kudzaitenga kupita nayo kumalo oswetsera nsomba mumzinda wa Athens ku Texas komweko. Kumeneko amaiika kachipangizo kakang'ono kokhala ndi nambala, ndi kudula kachidutswa ka chipsepse kuti ayeze DNA, yomwe imaulula mtundu wa nsombayo ndi makolo ake. Ikaswa, ana amagawidwa m'madamu, ndipo mayiyo nthawi zambiri amabwezeredwa komwe adachokera. Msodzi amalandira chifanizo cha nsomba yake choti akapachike pakhoma.

Njirayi yapha mbalame ziwiri ndi mwala umodzi. Nsomba yoyezedwa ndi boma palibe angaikayikire, komanso nthawi zambiri siifa. Kuyeza DNA kwaonetsa kuti zina mwa zimphona zomwe zagwidwa m'zaka zapitazi ndi ana a nsomba zomwe asodzi ena adabwereketsa kale, ndipo kachipangizo kaja kaulula nsomba zomwe zagwidwa kangapo ndi anthu osiyana.

Chigawo cha Florida chidasankha njira yosavuta. Kuyambira mu 2012, pansi pa ndondomeko ya TrophyCatch, msodzi akagwira bass ya mapaundi 8, pafupifupi makilogalamu 3.6, kapena kuposa, amaijambula yonse ili pa sikelo manambala akuoneka bwino, n'kuibwezera m'madzi. Akatswiri amaunika chithunzicho asadamupatse mphoto. Potero boma limadziwa nyanja zomwe zikubala nsomba zazikulu popanda kutumiza anthu ake paliponse.

Mlendo wovuta

Ngakhale zili choncho, nsomba yomwe ku Texas amaisamala ngati khanda, kwina ndi mdani. Bass idafika ku Japan mu 1925, ndipo pofika m'ma 1970 idali itapezeka m'nyanja ya Biwa. Kumeneko idayamba kudya nsomba zachilengedwe za m'nyanjayo, zomwe asodzi akhala akudalira kuyambira makedzana. Mu 2003 boma la dera la Shiga lidaletsa kubwezera bass m'nyanjayo, ndipo m'mphepete mwake mudaikidwa mabokosi otayamo zomwe zagwidwa. Choncho nsomba ya Kurita, yomwe idagwedeza dziko, kwawo idali m'gulu la zosafunika.

Kuno kumwera kwa Africa nako bass idabwera m'nthawi ya atsamunda. Idafika ku South Africa mu 1928, ndipo lero imapezeka m'madamu a ku Zimbabwe komanso m'madamu ena a ku Malawi. Damu la Darwendale ku Zimbabwe lidatulutsapo bass yoposa makilogalamu 8 mu 2004. Koma akatswiri a zachilengedwe adaiika pa mndandanda wa zamoyo 100 zowononga kwambiri zikalowa m'dera lachilendo. Kwa dziko lokhala ndi nyanja ya chambo, utaka ndi mbuna zomwe sizipezeka kwina kulikonse, chenjezo limeneli si lofunika kulinyozera. Bass njoyenera damu lotsekeka, osati madzi olumikizana ndi nyanja.

Chomwe chingawoloke nyanja popanda kuwononga ndi nzeru yake. Anthu a ku Texas adazindikira kuti nsomba yaikazi yaikulu njaphindu ili m'madzi kusiyana ndi ili pakhoma, monga momwe anthu a pa chilumba cha Mbenje ku Salima amatsekera usodzi miyezi ingapo chaka chilichonse kuti nsomba ziswane. Adazindikiranso kuti lamulo lopanda sikelo yoona ndi mboni zokhulupirika silipita patali.

Perry adamwalira mu 1974 pa ngozi ya ndege. Thamanda lomwe adawedzapo lija lidakwiririka ndi matope ndipo lero ndi losaya, koma m'mbali mwa msewu wa m'deralo muli chikwangwani chokumbutsa za nsomba yake. Mnyamata wa lero atakola yofanana nayo, sangathamangire nayo kukhitchini. Angayambe wafunafuna sikelo yovomerezeka, mboni ndi kamera, kwinaku akuithira madzi kuti isafe.