Mkangano wa ma-shock aatali m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Mvula yoyamba ikangogwa mu Novembala, magalaja a pa Mponela ndi pa boma la Ntchisi amadzaza ndi timagalimoto tochokera ku Japan timene eni ake akufuna kuti tikwezedwe kutsogolo. Timagalimototi ndi timene timanyamula anthu ndi matumba a feteleza kupita ku Malomo, Nthondo ndi Mvera, chonsecho tinapangidwira misewu ya tala. Kuchokera pansi kufika pamimba pake pali masentimita pafupifupi 15 okha, pamene misewu ya m'mapiri muno ikakokoloka imasiya msana pakati ndi miyala yosongoka.

M'mawa wina pa Mponela tinapeza kagalimoto koyera katakhazikidwa pa jeke ndi zitsa ziwiri pansi pa mtengo wa mango. Makaniko, bambo wa imvi za apo ndi apo, anayala thumba pansi nagonekapo ma-shock awiri. Yakale inali itanyowa mafuta ndi kumata fumbi lofiira. Inayo, yochotsedwa ku galimoto yokulirapo, inkaposa inzakeyo ndi zala zitatu. Bamboyo anayeza ndi zala zomwezo, nagwedeza mutu kuvomereza.

Kuilowetsa kunali ntchito. Anyamata awiri anakanikiza mkono wa tayala ndi chitsulo chachitali mpaka thukuta kamukamu, kuti mabowo a mabawuti alunjikane. Atangomanga, kapaipi ka buleki kanakungika ngati chingwe cha uta. Makanikoyo anakamasula pamene kanagwirira, nakamangirira mmunsi pang'ono ndi lekeni. Jeke itatsika, kagalimoto kanaima kotukumula chifuwa ngati tambala. Mwini wake anagwada, nasuzumira kunsi, nadzuka akumwetulira. Anatiuza kuti dzinja latha anaboola sampu kawiri, ndipo ulendo wina oilo yense anathera mumsewu, anthu amene ananyamula n'kumaliza ulendo wapansi.

Apa ndi pamene amakaniko amagawanika. Ena amati palibe chochitira: kuli bwino kusintha tizitsulo ta mmiyendo kusiyana ndi kupha injini. Anzawo amati kukweza kutsogolo kokha n'kuthawa mvula n'kukagwera m'dziwe.

Makaniko wina wa tsidya lina la msewu anatitengera kuseri kwa galaja yake kukationetsa mulu wa ma-CV joint otha. Iye anafotokoza kuti shock yaitali imakankhira tayala pansi, choncho shafiti yotumiza mphamvu ku tayalalo imagwira ntchito itapendekeka kwambiri. Mphira wotchinga joint amang'ambika msanga, girizi amatuluka, mchenga n'kulowa. Posakhalitsa galimoto imayamba kulira kuti kha-kha-kha pokhota. Nawo ma-ball joint amafika pamapeto pake tayala likalendewera m'dzenje, ndipo matayala amadyeka mbali imodzi ngati mwini sanapite kukawongoletsa miyendo. Choopsa kwambiri, malinga ndi iye, n'chakuti galimoto yokwera sichedwa kugubuduka ikamadutsa chopendekeka pamtsetse, makamaka pamene katundu wamangidwa padenga. 

Titabwerera kwa makaniko woyamba uja, sanakane chilichonse. Anati zonsezo amazidziwa, ndipo amauza aliyense kuti asapitirire zala ziwiri kapena zitatu, akweze ndi kumbuyo komwe, ndiponso aziyang'ana mphira uja sabata iliyonse. Koma ambiri ndalama imawakwanira ya kutsogolo kokha, chifukwa ndiko kuli sampu. Kwa munthu amene banja lake limadya galimoto ikayenda, CV joint ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi injini, ndipo imachenjeza isanafe. Kapaipi ka buleki kokha ndi kamene anavomera kuti lekeni si mankhwala ake: kamafunika kogula katali.

Onse awiri akunena zoona, ndipo wokwera amene wakhala kumbuyo ndi mwana pamiyendo sadziwa kuti mkanganowu ulipo. Iye amangoona kuti lero sanatsitsidwe pamwala kuti galimoto ipepuke.

Madzulo a tsikulo tinakumananso ndi kagalimoto koyera kaja kakulowera ku Ntchisi, kumbuyo katatitimira ndi matumba, mphuno ili m'mwamba. Nyali zake zinkaunika nthambi za mitengo, ndipo wa kabaza amene ankachokera kutsogolo anaima pambali atatchinga maso ndi dzanja. Nyali zija palibe amene anakumbukira kuzitsitsa.