Oyimira anthu opanda mkanjo wakuda ku Domasi

Kuchokera pa Songani kukafika ku Chirunga, kumene kuli sukulu ya zamalamulo ya University of Malawi, ndi ulendo waufupi pa minibasi. Maloya ambiri a dziko lino, majaji ngakhalenso nduna zina za chilungamo anasulidwa pamenepo. Koma mayi wa kwa Malemia amene alamu ake amulanda malata ndi mbuzi maliro asanathe n'komwe, kawirikawiri sakumana ndi loya. Mlandu wake umayambira kwa ankhoswe, nupita kwa nyakwawa, kwa gulupu, mwina mpaka kwa mfumu yayikulu. Zikakanika kumeneko ndi pamene amamva za anthu ena otchedwa aparaligo.

Paraligo si loya. Ndi munthu amene anaphunzira malamulo mokwanira kuti amvetsere dandaulo, alongosole chimene lamulo likunena m'Chichewa kapena m'Chiyawo, alembe kalata, ndi kuloza khomo loyenera. Nthawi zambiri ntchito yagona pa kulozako. Nkhani ya chisamaliro cha ana ipite kwa majisitireti. Ya nkhanza za m'banja iyambire ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa. Ya chuma cha masiye ingafune kalata ya mfumu ndi ofesi ya DC ku Zomba. Munthu akalakwitsa khomo, ndalama ya kabaza yapita, tsiku la kumunda lapitanso, ndipo ambiri sabwererako kachiwiri.

Ntchitoyi inamera mizu m'ndende. M'chaka cha 2000 bungwe la Penal Reform International, pamodzi ndi mabungwe anayi a m'Malawi muno, linayamba ndi aparaligo asanu ndi atatu okha, oyendera ndende zikuluzikulu kuphatikizapo ya Zomba. Ankasonkhanitsa anthu a pa rimandi n'kumachita nawo sewero: wina akhale majisitireti, wina wapolisi wozenga mlandu, wina aimirire n'kupempha belo ndi pakamwa pake. Njirayi inakula mpaka mu 2007 panabadwa bungwe loima palokha la PASI, limene Clifford Msiska walitsogolera zaka zambiri, ndipo maiko monga Kenya, Uganda ndi Bangladesh anadzatengerako. Anthu a m'chigwa cha Domasi sachita kuimva patali nkhaniyi, pakuti ndende ya Domasi ili pakhomo pawo, ya Mikuyu nayo siili kutali.

Kenaka aparaligowa anaona kuti milandu yambiri yodzaza ndende imayamba ngati mkangano wa pamudzi: malire a dimba, ngongole ya feteleza, mbuzi zodya mmera. Mu 2008 PASI inayamba kuphunzitsa amkhalapakati a m'midzi, anthu ongodzipereka amene amakhazika pansi mbali ziwiri mwachinsinsi, popanda chabwalo, popanda wogamula kuti wolakwa ndi uyu.

Kuno, kumene mabanja ambiri ndi achikamwini, nkhani za chuma zili ndi mfundo zake zovuta kumasula. Mwamuna wamanga nyumba ya malata pa malo a kuchikazi. Ukwati ukatha achoka ndi chiyani? Bambo wamwalira, asuweni ndi adzukulu ake a kumtundu akuti mwambo ukuwapatsa katundu, pamene lamulo la chuma cha masiye la 2011 likuika patsogolo mkazi ndi ana, n'kunenanso kuti kulanda chuma chotere ndi mlandu. Paraligo wabwino safika ndi buku m'manja n'kuyamba kuopseza mwinimbumba. Amadziwa kuti mayiyo adzakhalabe m'mudzi momwemo mawa, adzatunga pa mjigo womwewo, choncho amayamba wayesa kuti abale abweze okha katundu. Khoti amalisunga kumapeto. Ena amati uku n'kufewa, koma chigamulo cha pepala chimene palibe wokachitsatira kumudzi sichibweza malata.

Nanga ophunzira a ku Chirunga? Sukulu yawo ili ndi makiliniki a zamalamulo, kumene amaphunzira pa madandaulo a anthu enieni moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo. Phindu lawo linaoneka bwino pambuyo pa mlandu wa Kafantayeni wa 2007, pamene khoti linathetsa lamulo lakuti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha anyongedwe basi. Milandu ya akaidi amene anagamulidwa kale kuti anyongedwe itayamba kumvedwanso mu 2015 ku Zomba, ophunzira ndi aparaligo anathandiza kusonkhanitsa mbiri za akaidi, ena mpaka kukacheza ndi mafumu ndi abale kumidzi, ndipo akaidi oposa zana limodzi anatuluka. Koma wophunzira ali ndi mayeso, ali ndi tchuthi, ndipo akalandira digiri maso amaloza ku Blantyre kapena ku Lilongwe, kumene kuli makasitomala olipira.

Boma nalo lili ndi Legal Aid Bureau, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 ndipo inayamba ntchito mu 2015, yokhala ndi ofesi ku Zomba. Maloya ake ndi ochepa, mafayilo ndi mulu. N'chifukwa chake mu 2021, mkulu wake panthawiyo Masauko Chamkakala anapempha Nyumba ya Malamulo kuti aparaligo a ofesiyo aziloledwa kuyimira anthu m'makhoti a majisitireti. Bungwe la maloya la Malawi Law Society linakana, ponena kuti wosauka nayenso ayenera loya wophunzira mokwanira, osati thandizo lachiwiri.

Mfundo ya maloya ili ndi mutu wake, koma ikuphonya mmene khoti laling'ono limakhalira. Wozenga mlandu ndi wapolisi amene si loya. Majisitireti ambiri a m'makhoti otere nawonso alibe digiri ya zamalamulo. Yekhayo amene amauzidwa kuti adikire loya weniweni ndi mlimi wa mpunga wa ku Chilwa, amene paraligo wake amamukonzekeretsa panja, n'kukhala chete pa benchi la kumbuyo mlandu ukayamba.