Nyumba ya jinja ya denga la malata ku Luka

Disembala ikafika, Amalawi okhala ku Luka amagawikana pawiri. Ena amamanga zikwama kupita ku Johannesburg kukakwera basi ya ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Ena amatsala, mwina chifukwa cha ntchito, mwina ndalama ya ulendo sinakwane. Otsalawa, makamaka amene ali ndi ana, amakhala ndi masabata angapo sukulu zitatsekera, dzuwa likuswa mtengo, ana akungozungulira pakhomo. Ntchito imodzi imene ingawasonkhanitse pa tebulo limodzi kwa masiku awiri ndi yomanga kanyumba kodyedwa, ka mabisiketi a jinja.

Mwambowu ndi wa ku Germany, kumene mzinda wa Nuremberg unatchuka kalekale ndi makeke a uchi ndi zokometsera otchedwa Lebkuchen. Nthano ya Hansel ndi Gretel, imene abale awiri a banja la Grimm anasindikiza mu 1812, inatchukitsa nyumba yomangidwa ndi zakudya. Ku Bergen m'dziko la Norway, kuyambira 1991 ana a sukulu ndi makolo amamanga mzinda wathunthu wa tinyumba totere chaka ndi chaka.

Koma Majeremani si alendo m'mbiri ya dera lino. Luka ndi umodzi mwa midzi 29 ya Bafokeng, pafupi ndi likulu lawo la Phokeng. M'zaka za m'ma 1800, mfumu yawo, Kgosi Mokgatle, inkatumiza anyamata kukagwira ntchito kumigodi ya dayamondi ku Kimberley kuti ndalama zake agulire malo a mtundu wake. Popeza lamulo la nthawiyo silinkalola munthu wakuda kulembetsa malo, mmishonale wa ku Hermannsburg ku Germany, Christoph Penzhorn, ndiye analembetsa ena mwa malowo m'dzina lake. Pansi pa nthaka yomweyo ndi pamene kampani ya Impala Platinum ikukumba pulatinamu lero. Jinja nayenso ndi wa pakhomo: pa ukwati kapena pa maliro a Atswana simulephera kupeza gemere, chakumwa cha jinja chofulidwa kunyumba, pambali pa masikono.

M'masitolo akuluakulu mumapezeka mabokosi a tinyumbati tophikaphika, tongofunika kumata. Pachithunzi pake pamakhala chipale choyera padenga ndi chumuni chofuka. Ine sindiona chifukwa choti mwana wobadwira ku Luka, amene agogo ake ali ku Nkhata Bay kapena ku Mangochi, azimanga nyumba imene sanaionepo. Mabanja ambiri obwera amachita lendi m'zipinda za kuseri kwa nyumba za eni malo, pamene ndalama imene akutumiza kumudzi ikuumba njerwa ndi kugula malata. Nyumba ikumangidwa kumudziyo ana amangoiona pa WhatsApp. Imeneyo ndiyo yoyenera kujambula pa katoni: khonde kutsogolo, mawindo awiri, denga la malata.

Katoniyo ndiye pulani. Dulani zipupa zinayi ndi zidutswa ziwiri za denga, muziimike ndi selotepi kuti muone ngati zikukumana musanakhudze fulawa. Nyumba ikhale yaing'ono, chipupa chachitali chisapitirire masentimita 15, chifukwa chachikulu chimapindika. Denga lipitirire chipupa pang'ono.

Sungunulani majarini wokwana magalamu 200, shuga wa bulawuni magalamu 200 ndi masupuni asanu ndi awiri a golden syrup pa moto wochepa. Thirani zimenezi m'fulawa wokwana magalamu 600 wosakaniza ndi timasupuni tinayi ta jinja wa ufa, kamodzi ka sinamoni ndi kamodzi ka soda. Soda asachuluke, apa sitikuphika chigumu choti chifufume, tikufuna chipupa chowuma gwa. Kandani mpaka zigwirane, ndipo chifukwa cha kutentha kwa Disembala ikani mtandawo m'firiji kwa ola limodzi. Wopanda chopsinjira agwiritse botolo loyera. Psinjirani papepala lophikira mpaka kukhuthala kwake kukhale theka la sentimita, ikani katoni pamwamba, dulani ndi mpeni, kenaka muchotse zam'mbali. Chipupacho musachinyamule, chikhale papepala pomwepo, apo ayi chikhota.

Apa ndi pamene ana amasangalala. Foloko ikakokedwa pang'onopang'ono kuchoka pamwamba pa denga kutsika pansi, mizere yake imatuluka ndendende ngati malata. Msana wa mpeni umajambula njerwa pachipupa. M'mabowo a mawindo thiranimo maswiti olimba osinja. Muuvuni amasungunuka n'kuuma ngati galasi lofiira kapena lachikasu. Phikani pa madigiri 180 kwa mphindi 12 mpaka 15, m'mbali mukade pang'ono. Mukangotulutsa, zikadali zotentha, ikaninso katoni ija pamwamba ndi kusadza m'mbali momwe mwatupa. Anthu ambiri amadumpha pamenepa, ndiye zipupa zimakana kukumana pangodya. Zisiyeni zigone usiku wonse pamalo afulati.

Simenti yake ndi zoyera za mazira awiri zomenyedwa ndi icing sugar wokwana magalamu 500, ndi madontho a ndimu. Ilimbe moti supuni ikaimikidwa isagwe. Ikani m'kapulasitiki koyera, dulani kangodya, muzifinya. Yambani ndi zipupa ziwiri zokumana, zitchingirizeni ndi makapu kapena zitini, kenaka zinazo. Denga lidikire maola angapo. Mwana adzakakamira kuti mufolere nthawi yomweyo, koma mmisiri aliyense wa kumudzi akudziwa zimene zimachitika mukasenzetsa denga chipupa chachiwisi.

Mdani wamkulu kuno ndi mvula. Ku Ulaya amamanga tinyumbati m'nyengo yozizira, m'nyumba zouma ndi moto. Ku Luka Disembala ndi mwezi wa mabingu a masana, ndipo shuga ndi sirapu zimayamwa chinyontho cha mumpweya mpaka chipupa cholimba dzulo chimafewa. Zikatero chibwezereni muuvuni wa moto wochepa kwa mphindi khumi musanamange. Ena amamata ndi shuga wosungunula m'poto, amene amagwira pompopompo, koma amawotcha koopsa ndipo ndi ntchito ya akuluakulu okha. Magetsi akakhala ovuta, phikani m'mawa akangoyaka, chifukwa kumanga ndi kukongoletsa sikufuna moto.

Pokongoletsa musavutike ndi zodula. Mtedza wokazinga ukhale miyala ya maziko, kokonati wouma wothira mtundu wobiriwira akhale kapinga, timitengo ta sinamoni tikhale nsanamira za khonde. Mwana akafunsa kuti chipinda chake ndi chiti, kapena mtengo wa mango wa agogo uli mbali iti, muuzeni, aike switi pamenepo. Jambulani chithunzi mutumize kumudzi aione.

Nyumbayi isakhalitse. Mangani pa 23 kapena pa 24 Disembala, ikani mbale yake pamwamba pa beseni la madzi kuti nyerere zisafike, ndipo pa Khirisimasi, mukatha mpunga ndi nkhuku, itanani ana a eni nyumba ndi a aneba adzathandize kugumula.