Kodi mumadziwa? Linga lomwe lili m'phiri la Mangochi

Chiromo ndi malo pomwe mtsinje wa Ruo umathira mu Shire. Kale sitima zapamadzi za atsamunda zinkakocheza pamenepo ndi asilikali opita kumtunda. Kumtundako, m'phiri la Mangochi, kudakali bwinja la linga lawo lotchedwa Fort Mangochi.

Phirili linali likulu la mfumu ya Ayao, Jalasi, yemwe azungu ankamulemba kuti Zarafi. Sanali munthu wamasewera. Mu 1892 anthu ake adapirikitsa asilikali a Britain, nkuwalanda mfuti yaikulu. Atsamundawo adabweranso mu 1895, Jalasi nkuthawira ku Mozambique. Pamalo pomwepo atsamundawo adamangapo linga, lomwe pambuyo pake lidasanduka ndende kuyambira 1907 mpaka 1910. Pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, asilikali a King's African Rifles ankaphunzirirapo ntchito.

Kuti mukafike, muwoloke mlatho wa Bakili Muluzi m'tauni ya Mangochi, mutsate msewu wokhotakhota wokwera ku Namwera. Kotsalako nkwapansi, kudutsa m'nkhalango ya boma, ndipo chitundacho chimatulutsa thukuta. Tengani madzi komanso munthu wakonko wodziwa njira, chifukwa tinjira ta otola nkhuni timasokoneza, makamaka udzu ukatalika nthawi yadzinja.

Pamwambapo mpanda wamiyala udakali chiimire. Nyumba zam'kati zidasasuka kalekale, ndipo mizu ya mitengo yalowerera m'makoma. Malo ofunika chotere akadayenera kusamalidwa kuposa mmene zililimu.