Galimoto Yolira Lero, Mawa n'Kukana: Vuto la Magetsi M'nyengo ya Chisanu

M'miyezi ya Juni ndi Julaye, m'tawuni ya Dedza kukamacha, si zachilendo kuona anyamata akukankhira galimoto kumtsetse kuti ilire. Tawuniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo chisanu chake n'chodziwika m'dziko lonse. Galimoto imene dzulo masana inalira bwinobwino pamsika wa Chimbiya, m'mawa imangoti zii. Mlimi wa ku Bembeke amene wapakira matumba a mbatata ya kachewere amaphonya msika. Kwa banja la ku Mayani kapena ku Lobi limene likudalira galimoto imodzi ya m'mudzi kuti itengere mayi woyembekezera kuchipatala usiku, nkhaniyi imakhudza moyo.

Zikatere, ambiri amathamangira kukagula batire latsopano, koma pakatha sabata vuto limabwereranso. Chifukwa chake n'chakuti vuto lobwera n'kupita kawirikawiri limakhala m'malo amene mawaya alumikizana, osati m'batire mwenimwenimo.

Njira imene magetsi amayenda

Dalaivala akapotoza kiyi, magetsi ochepa amapita ku solenoidi, kachipangizo kokhala pamwamba pa sitata. Solenoidi imatsegulira magetsi ambiri ochokera ku batire, sitata n'kuzunguza injini. Magetsiwo amabwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha injini ndi waya wokhuthala womangidwa kuthupi la galimoto, amene amakaniko amamutcha earth.

Nyali ziwiri zakutsogolo zimakoka maampeya pafupifupi 10, pamene sitata imakoka oposa 100. Motero teminolo yolobodoka ikhoza kuyatsa nyali ndi wailesi, koma n'kulephera kudutsitsa magetsi okwanira sitata. N'chifukwa chake kuyaka kwa nyali si umboni wakuti zonse zili bwino.

Chifukwa chake vutoli limakonda kumapiri

Kukazizira, batire limapereka mphamvu yocheperapo, ndipo oyilo amalimba kotero kuti injini imalemera kuizunguza. Polumikizana pamene masana pamadutsa magetsi movutikira, m'bandakucha pamakaniratu. Nkhungu ndi mvula yowaza zimabweretsa chinyontho chimene chimachititsa dzimbiri ndi ufa woyera kapena wobiriwira pamateminolo. Misewu yafumbi yolowera m'midzi imagwedeza manati mpaka kumasuka. Palinso chizolowezi chochotsa batire madzulo kukayatsira nyali ndi kutchajira mafoni kunyumba, kenako n'kulibwezera mokhomerera ndi mwala kapena kupanikiza msomali pateminolo. Zimenezi zimakulitsa chomangira mpaka chimaleka kugwira.

Kumvetsera galimoto isanakhudzidwe

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Dalaivala wanzeru amayamba wayatsa nyali zakutsogolo, kenako n'kupotoza kiyi akumvetsera ndi kuyang'ana.

Nyali zikazima kapena kuchepa mphamvu kwambiri, ndipo pakumveka kugogoda kofulumira kwa solenoidi, batire lafooka kapena mateminolo sakugwira. Teminolo imene yatentha pambuyo poyesa kuliza ndiyo yolakwa, pakuti polumikizana moipa pamatentha.

Nyali zikakhalabe zowala, n'kumveka kugogoda kamodzi kokha, vuto lili pa solenoidi kapena m'sitata. Sitata imene imalira akaigogoda ndi sipanala, nthawi zambiri mabulashi ake atha. Kugogodako kumangochedwetsa tsiku loti ifere panjira.

Pakapanda kumveka chilichonse nyali zili zowala, akayikiridwe ndi swichi ya kiyi, fiyuzi kapena rile. Pagalimoto za otomatiki, monga ma Toyota Sienta amene achuluka pantchito yonyamula anthu, pali swichi yoletsa injini kulira giya ikakhala kuti sili pa P kapena N. Galimoto ikakana pa P n'kulira pa N, swichi imeneyo ndiyo yatha kapena yasuntha.

Injini ikamazungulira mwamphamvu koma osagwira moto, batire ndi sitata zilibe mlandu. Pamenepo makaniko ayang'ane pampu ya mafuta, mapulagi ndi masensa.

Kuyeza ndi mita

Makaniko wodziwa ntchito amayeza asanasinthe chilichonse. Batire lodzaza limene lapuma usiku wonse limaonetsa mavolti 12.6, likaonetsa 12.2 ndiye kuti latsala pafupifupi theka. Poliza injini, lisatsike kupitirira 9.6. Injini ikulira, mita iyenera kuonetsa pakati pa 13.5 ndi 14.5, ikachepera, alitaneta sikutchaja, mwina chifukwa cha lamba wolobodoka. Nyali yofiira ya chizindikiro cha batire ikamayaka galimoto ikuyenda, ikunena zomwezo.

Batire labwino likamatha usiku wokha, pali chimene chikuba magetsi, monga wailesi, alamu kapena tchaja yolumikizidwa molakwika. Kuchotsa teminolo ya negetivu madzulo n'kuibwezera m'mawa kumaulula zimenezi: galimoto ikalira bwino, wakubayo ali m'mawaya.

Popeza vuto lotere limakonda kubisala galimoto ikafika kugalaja, mwini wake alembe tsiku lililonse limene yakana: nthawi yake, ngati kunazizira kapena kunagwa mvula, ngati injini inali yotentha, ndi phokoso limene anamva. Kapepala kameneka kamapulumutsa ndalama zogulira zipangizo zosafunikira.

Zimene mwini galimoto angachite yekha

Azimitse injini ndi kuchotsa kiyi. Amasule teminolo ya negetivu poyamba, ndipo pobwezera ikhale yomaliza. Ufa wa pamateminolo umachoka ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda wophikira; akapukuta n'kupala mpaka chitsulo chiwale, amange zolimba ndi kupaka girisi pang'ono pamwamba. Atsate waya wa earth mpaka pamene wamangidwa, achotse dzimbiri, amangenso. Pafupi ndi batire pasakhale fodya kapena moto, pakuti limatulutsa mpweya wophulika, ndipo madzi ake amawotcha khungu ndi maso. Pobwereka magetsi kugalimoto ina, kusemphanitsa pozitivu ndi negetivu kumapsereza alitaneta ndi kompyuta ya injini. Kuliza sitata kupitirira masekondi 10 osapumitsa kumaiwononga.

Mitsetse ya Dedza yaphunzitsa madalaivala ambiri kuimika galimoto itayang'ana kumunsi, kuti m'mawa ingotsetsereka n'kulira. Njira imeneyi imabisa matenda popanda kuwachiza, siigwira pagalimoto ya otomatiki, ndipo injini isanalire mabuleki ndi chiwongolero zimalimba, zimene zili zoopsa pamtsetse podutsa ana a sukulu. Eni galimoto zimene midzi imadalira pa matenda, maliro ndi misika achite bwino kutsuka mateminolo ndi kuyezetsa batire m'mwezi wa Meyi, chisanu chisanafike pachimake.