Kodi Mumadziwa? Uthenga Umene Umadzutsa Akatswiri Usiku

Mabanki ambiri akuluakulu akugwiritsabe ntchito mapulogalamu a COBOL, chinenero cha kompyuta chimene chinayamba mu 1959. Pa makompyuta aakulu a IBM, pulogalamu yotereyi ikamawerengetsa n'kupeza zinthu zosayenera pamalo pa manambala, imaima pomwepo n'kutulutsa uthenga wakuti S0C7. Kuimako n'kothandiza ndithu, chifukwa ikanapitiriza, bwenzi ikulemba ndalama zolakwika m'maakaunti a anthu ambirimbiri.

Ntchito zikuluzikulu, monga kukonza malipiro, kawirikawiri zimayendetsedwa usiku. Pulogalamu ikaima usiku, katswiri amadzutsidwa, n'kuyamba kufufuza zonse zimene kompyuta inasunga pa nthawi imene inaima mpaka atapeza mzere umene wakanika. Palinso mauthenga ena: pulogalamu ikayesa kugawa nambala ndi ziro, uthenga wake umatha kukhala S0CB.